Kalata ya Kalasi ya Makro

Anzake a chaka chachitatu ku yunivesite ankamutchula kuti Mlembi. Dzinali linabwera chifukwa cha manotsi ake. Ankalemba mwaukhondo, osadumpha mzere, moti mayeso akayandikira kope lake linkayenda m'manja mwa anthu mpaka chikuto kuthothoka. N'chifukwa chakenso anamusankha kukhala woimira kalasi, ntchito imene iye ankaiona ngati yongofufuta bolodi ndi kutolera mapepala.

Phunziro limene onse ankaliopa chaka chimenecho linali la kayendedwe ka chuma cha dziko lonse, limene ophunzira ankangolitchula kuti makro. Linkachitika Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa, m'chipinda chachikulu cha mabenchi okhomerera pansi, chimene fani yake inasiya kuzungulira kalekale. Mphunzitsi wake anali bambo achikulire, a jekete yotuwa, a fumbi la choko m'mikono. Sankatha mphindi zisanu osanena kuti "zina zonse zikakhala chimodzimodzi," ndipo ophunzira a zaka zam'mbuyo anawapatsa dzina loti a Chimodzimodzi. Iwo ankalidziwa dzinalo ndipo silinkawakhumudwitsa.

Tsiku loyamba sanalembe kanthu pa bolodi. Anangoti aliyense amene kwawo kuli munthu wamphamvu zake, wofuna ntchito koma wosaipeza, akweze dzanja. Manja anakwera pang'onopang'ono, mwamanyazi, mpaka pafupifupi chipinda chonse. Mlembi naye anakweza, akuganiza za achimwene ake amene anali atakhala pakhomo zaka ziwiri chitsekedwereni fakitale ya nsapato.

"Musatsitse msanga," anatero bambowo. "Yang'anani uku ndi uku. Abale anu onsewa sangakhale aulesi. Chimene chawakhazika pansi nthawi imodzi ndicho tabwera kudzaphunzira muno."

Loweruka lake Mlembi anapita kwawo n'kukawafotokozera achimwene akewo. Iwo anaseka, nati basi nawonso alowa yunivesite, kungoti alowa ngati chitsanzo. Koma pambuyo pake anamufunsanso kawiri kuti mphunzitsiyo ananena bwanji kwenikweni, ndipo Mlembi anaona kuti mawuwo awafika pamtima.

Masabata atatu oyamba anali okoma. A Chimodzimodzi ankajambula mizere iwiri yopingasana pa bolodi, n'kuisuntha ndi chala, ndipo munthu unkaona ndi maso chifukwa chake mitengo ya zinthu imakwera banki yaikulu ikasindikiza ndalama zambiri. Mlembi ankakhala benchi yakutsogolo, akulemba chilichonse, ndi nthabwala zomwe.

Sabata yachinayi, Lachinayi, anaphunzitsanso zimene anaphunzitsa Lachiwiri. Chitsanzo chomwecho, nthabwala yomweyo, n'kuima pamalo pomwepo kudikira kuti anthu aseke. Anthu anasekadi, koma ankaseka zina. Sabata yotsatira anaima pakati pa chiganizo, choko chili m'mwamba, akuyang'ana girafu yawo yomwe ngati wajambula ndi munthu wina. Mlembi anayang'ana m'kope mwake n'kunong'ona mawu otsatira, oti chiwongoladzanja. Bambowo anawatola ngati kuti anali awo, n'kupitiriza.

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yake. Akaona choko chaima, ankanong'ona. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina bambowo ankatola mawuwo n'kulowera nawo ku mutu wina umene sunali m'ndondomeko. Mayeso a pakati pa semesita atalembedwa, mapepala ena anabwera atachongedwa kawiri ndi malikisi osiyana, ena sanabwere n'komwe.

M'kalasimo munali mnyamata wina wotchedwa Wamtali, amene ankabwereza makro kachiwiri. Akanalepheranso akanachotsedwa sukulu. Ndiye anaitanitsa msonkhano pansi pa masitepe a laibulale. Anakumbutsa anthu kuti mayeso omaliza adzakhala amodzi ndi a kalasi ya masana, imene inali kale pa mutu wachisanu ndi chitatu pomwe iwo anali akupondaponda pa wachinayi. Anati sakudana ndi mkuluyo, koma iye sangabwerere kwa mayi ake chimanjamanja chifukwa cha ulemu. Onse anagwirizana kuti kalata ilembedwe kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo onse anatembenukira kwa Mlembi.

Iye anapempha kuti ayambe wakalankhula nawo kaye.

Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde, yodzaza mabuku mpaka pawindo. Chimene chinamugwira mtima Mlembi atangolowa chinali timapepala. Tinamatidwa paliponse: pa chitseko, pa ketulo, m'mphepete mwa tebulo. Kena kanalembedwa kuti Lachiwiri makro, chipinda chachikulu. Kena kanati zimitsa ketulo. Kena kanali ndi nambala ya foni ndi mawu oti mayi a kunyumba. A Chimodzimodzi anamuona akuwerenga timapepalato ndipo sanayese kutibisa.

"Khalani pansi, mayi. Ndinu amene mumandiuza mawu aja eti?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye ndikudziwa chimene mwabwerera."

Anamuuza kuti dokotala anawauza kale chaka chatha kuti ali ndi matenda oiwalaiwala. Anati m'mawa mutu umakhala bwino, n'chifukwa chake anapempha kalasi ya m'mawa. Anati aphunzitsa makro zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ino inali semesita yawo yomaliza asanapume. Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Sanapemphe mochonderera ayi. Ananena ngati munthu amene akuwerengera mtunda wotsala kuti afike pakhomo.

"Ndimafuna ndifike kumapeto ndekha, nditseke buku, ndikuuzeni kuti zabwino zonse. Basi."

Mlembi anali atakonza mawu ambiri, za mitu yotsala, za Wamtali, za mapepala osowa. Anangogwedeza mutu, ndipo bambowo anamuthokoza. Akutsika masitepe anazindikira kuti kugwedeza mutu kuja kwatengedwa ngati lonjezo.

Mlembi anakauza anzake kuti adikire sabata imodzi. Wamtali anangonyamula chikwama chake n'kuchoka.

Lachiwiri lotsatira a Chimodzimodzi anaphunzitsa monga sanaphunzitsepo. Anafotokoza mmene fakitale imodzi ikatsekedwa imagwetsera wogulitsa buledi pa geti, telala wa mayunifolomu, ndi mwini nyumba za lendi, wina pambuyo pa mnzake. Ngakhale a kumbuyo anasiya mafoni awo. Mlembi mtima unakhala pansi. Kenaka, patatha theka la ola, bambowo anatembenuka kuchoka pa bolodi, nayang'ana anthu makumi asanu ndi atatu aja mmodzimmodzi. Anamwetulira mwaulemu, n'kufunsa kuti pepani, kodi msonkhano uno ndi wa chiyani.

Palibe anaseka. Mtsikana wina kumbuyo anayamba kulira. Mlembi anayang'ana m'kope mwake, koma munalibe mawu oti anong'one.

Masana omwewo analemba kalatayo. Anailemba katatu, akuchotsa mawu alionse olasa, ndipo anayamba ndi kuyamikira. Komabe pomaliza inanena chimene inayenera kunena. Anthu anasaina pa benchi ya panja, ndipo dzina lake linali pamwamba pa onse.

Mkulu wa dipatimenti anali mayi otanganidwa, a magalasi olendewera pakhosi. Anawerenga kalatayo ataimirira, napumira m'mwamba, nati akhala akudikira kuti wina alembe. Anati aphunzitsi onse ankaona, koma popanda dandaulo lolembedwa panalibe poyambira, ndiponso palibe amene ankafuna kukhala woyamba, poti ambiri mwa iwo anaphunzitsidwa ndi bambo omwewo. Mlembi anatuluka m'ofesimo. Anthu akuluakulu onse aja ankadziwa, ndipo anadikira kuti dzanja likhale lake.

Sabata yotsatira kunabwera mphunzitsi wachinyamata, wa laputopu ndi purojekita. Anali wachangu, womveka, wosataya nthawi. Ankamaliza mutu umodzi pa tsiku n'kutumiza manotsi pa foni, moti kope la Mlembi linasiya kubwerekedwa. Panalibe choipa choti munthu angamunenere.

Lachiwiri lachiwiri lake, phunziro lili mkati, chitseko chinatseguka. A Chimodzimodzi analowa atavala jekete yawo, kabokosi ka choko m'manja. Anayenda mpaka pakati, kuwala kwa purojekita kuli pankhope pawo, manambala akudutsa pachipumi. Anaima, nayang'ana wachinyamata uja, nayang'ana kalasi. Wachinyamatayo anasiya zonse, anapita n'kuwagwira mkono ndi manja awiri, n'kuwauza motsitsa mawu kuti aphunzitsi, lero ndakugwirirani, tiyeni mukapume. Bambowo anavomera mosavuta. Podutsa pa benchi yakutsogolo anamuyang'ana Mlembi n'kumupatsa moni wa m'mawa. Mlembi sanadziwe ngati amuzindikira. Anayankha moniwo maso ali pansi.

Mayeso anabwera ndipo ambiri anakhoza. Wamtali anakhoza bwino lomwe. Anamufunafuna Mlembi pa bolodi la zotsatira, namuuza kuti wapulumutsa anthu ambiri, ndipo zinali zoona. Mlembi anati zikomo, n'kunamizira kuti akuthamangira basi.

Tchuthi chisanayambe, sekilitale wa dipatimenti ankafuna munthu woti akapereke kunyumba kwa a Chimodzimodzi katoni ya mabuku otsala mu ofesi ija, poti inali itapatsidwa kwa wina. Mlembi anadzipereka. Nyumbayo inali yaing'ono, ya maluwa m'zitini pakhonde. Amene anatsegula chitseko anali mayi a kunyumba, ochepa thupi, manja ali ndi thovu la sopo. Mlembi anaika katoniyo pansi, ndipo asanakhale n'komwe ananena zimene anabwera nazo: kuti kalata ija analemba ndi iyeyo, ndiponso kuti bambo anamupempha kuti adikire.

Mayiwo anapukuta manja pa epuloni kwa nthawi yaitali.

"Ine ndinawapempha chaka chonse kuti asiye, mwanangu. Tsiku lililonse akatuluka ndinkakhala pafupi ndi foni. Sindingakunamizeni kuti munalakwa." Anayang'ana kuchipinda chochezera. "Koma sindingakunamizeninso kuti zawachitira bwino. Chisiyireni ntchito, matenda akukula msanga. M'mawa uliwonse amavala, n'kukhala pampando apo kudikira."

Bambowo anali pampandodi, tayi itamangidwa bwino, nsapato zopolishidwa. Analandira Mlembi mwansangala monga mmene munthu amalandirira mlendo amene sakumudziwa koma sakufuna kumukhumudwitsa. Anamufunsa ngati ali pa sukulu, ndipo atamva kuti wangomaliza makro maso awo anawala. Anati ndi phunziro labwino kwambiri, ngakhale anthu amaliopa. Anafunsa kuti amaphunzitsa ndani. Mlembi anazengereza, kenaka anatchula wachinyamata uja.

"Ameneyo ndi mwana wanzeru," anatero mokondwa. "Muli m'manja abwino."

Mlembi anafuna kupepesa, koma anaona kuti kutero kukanafuna kuti ayambe wawakumbutsa zonse, ofesi ija, masabata asanu ndi awiri aja, n'kuwapweteka kachiwiri kuti iye apepukidwe. Anamwa tiyi amene mayi aja anabweretsa, anayankha mafunso omwewo katatu, n'kutsanzika.

Anapitakonso kamodzi chaka chachinayi chitayamba. Ulendo umenewo bambowo sanalankhule, ndipo tayi inali itasiyidwa. Anamwalira mwezi wachitatu wa semesita imeneyo. Uthenga unamatidwa pa bolodi la dipatimenti, pakati pa ndondomeko ya mayeso ndi chidziwitso cha foni yotayika. Ophunzira a chaka chachitatu ankadutsa osaima, poti sankawadziwa. Mlembi anawerenga mpaka pansi, anawongola ngodya ya pepalalo imene inali itapindika, n'kulowa m'kalasi mochedwa.