Maliro a Mzamba Zlata

Pofika teni koloko m'mawa wa Lachitatu, pa 14 Marichi 2018, Yocheved Perlmutter adali atafufuta akazi 212 pa chithunzi chimodzi.

Ndiyo idali ntchito yake pa nyuzipepala ina yachipembedzo ya mu Yerusalemu. Kwa zaka 23 nyuzipepalayo idali isanatulutsepo chithunzi cha mkazi. Mnzake wina adachotsedwa ntchito chifukwa chosiya chigongono cha mtsikana pakona pa tsamba. Yocheved adali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo mwamuna wake ankaphunzira Tora, malemba opatulika a Ayuda, tsiku lonse, motero pakhomo ankadya za m'manja mwa mayiyu.

Chithunzicho chidajambulidwa dzulo lake kuchokera padenga, pa maliro a mzamba Zlata Grinfeld, amene kuyambira 1961 mpaka 2009 adalandira ana 9,300. Kutsogolo amuna khumi ndi mmodzi adanyamula machira. Kumbuyo kwawo, kuchokera pa sunagoge mpaka pamene msewu ukhotera, kudali mipango yokhayokha: yakuda, yobiriwira, yamaluwa. Ena adanyamula makanda, ena adatsamira ndodo. Nkhope sizinkaoneka. Yocheved adasiya kufufuta, nangoyang'ana.

"Iwe, wagona?" adafunsa Bluma, mayi wachikulire wokonza zolakwa m'nkhani. "Kapena waona apongozi ako, dzanja likukana?"

"Mayi Bluma, tabwerani muone. Sindinafike ndi theka lomwe."

Bluma adavala magalasi, nawerama.

"Onsewa adadutsa m'manja mwa munthu mmodzi," adatero motsitsa mawu. "Ine ndemwe kasanu ndi kawiri. Ankanditukwana ngati woyendetsa basi, koma palibe wanga adatayika."

"Ndiye mukawauze mkonzi wathu, a Reb Zalman."

"Ine? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanawe."

Yocheved adamaliza kufufuta ndendende wani koloko. Onse adakwana 1,140. Adasindikiza zithunzi ziwiri, choyamba chija ndi chofufutacho, nakaziika pa tebulo la mkonzi.

A Reb Zalman adatenga chofufutacho. Amuna khumi ndi mmodzi, machira, ndi msewu wautali wopanda munthu. Pamwamba pake padali mutu wa nkhani umene adalemba okha: Namtindi wa anthu uperekeza mzamba.

"Namtindiwo uli kuti, Mayi Perlmutter?"

"Ndaufufuta, monga mwa lamulo."

"Mukundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi, ndangobweretsa yanga. Ngati yalakwika, mundiuze palakwika."

Mkonziyo adakoka chithunzi chinacho. Adachiyandikizitsa kumaso, chala chikuyenda pang'onopang'ono kutsata msewu mpaka pokhotera.

"Ine ndi uyu, wachitatu kumanja kwa machira," adatero. "Ndidayenda msewu wonsewu. Sindidamve ngakhale kutsokomola. Ndimayesa kumbuyo kuli anthu makumi awiri."

"Simudacheuke?"

"Sitimacheuka."

Adavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi mpendero wa jekete.

"Ikani chosafufutachi. Kwa arabi, atsogoleri athu achipembedzo, ndikayankha ndekha."

Nyuzipepala idatuluka Lachinayi. Lamlungu m'mawa komiti ya arabi idakumana kwa mphindi makumi anayi. A Reb Zalman adadzudzulidwa. Yocheved adauzidwa kuti ntchito yatha, asiye kiyi kwa Bluma.

Pobwerera kunyumba adadutsa pa shopu ya buledi. Pa zenera wina adamata tsamba lija ndi selotepi, ndipo akazi asanu adaunjikana pamenepo, mabasiketi ali pansi, zala pa galasi.

"Uyu ndine, wa mpango wamizereyu!"

"Bodza, mwanenepa liti choncho? Ameneyo ndi mlamu wanga."

Gogo wina wamfupi adakoka Yocheved pa mkono. "Mwana wanga, maso anga adatha. Ndidaima pafupi ndi mtengo wa magetsi. Tandipezere."

Yocheved sadachite kufunafuna. Adamufufuta Lachitatu, nambala 608. Adagwira chala cha gogoyo nachiika pomwepo.