Makhadi a Mwezi a Mayi Clotilda

Mayi Clotilda anawoloka Shire pa bwato chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki inafika poipa, atasenza kamtolo ka zovala. Sanapite ku msasa wa othawa nkhondo. Anafunsa njira mpaka anafika kwa Tengani, pakhomo pa Esinala, mwana wa malemu mkulu wawo. Esinala anawalandira ndi manja awiri, popeza anali ndi pakati ndipo ankakhala yekha. Mwamuna wake, Gershom, ankadula nzimbe ku Nchalo ndipo ankabwera kumudzi pakutha pa mwezi basi.

M'kamtolomo munalinso makhadi okulungidwa m'duku lobiriwira. Anawapatsa ndi dona wina wachipwitikizi amene ankamuphikira ku Beira, yemwenso anawaphunzitsa kawerengedwe kake. Makhadiwo anali akuluakulu kuposa a juga, ndipo khadi lililonse linali ndi chithunzi chake ndi mwezi wake: pena wathunthu, pena watheka, pena wotsala ngati chikhadabo, pena wakuda bii. Esinala, munthu wopemphera, sanakondwe nawo. Mayi Clotilda anamuuza kuti umenewu si ula ndipo iwo saitana mizimu. Zithunzizo zimangothandiza munthu kuyang'anitsitsa zimene zili kale mumtima mwake. Komabe anawabisa m'dengu la mchewere ndipo sanawatulutsenso.

Nyengo yothyola thonje itatha, Gershom sanabwere. Mwezi wotsatira sanabwerenso. Kenako kunafika mnzake wa kuntchito, Mose, amene anakana kukhala pamkeka ndipo anayankhula ali chiimire, akuyang'anayang'ana kumsewu. Anati Gershom anatengedwa ndi amuna ovala zovala wamba, pa galimoto yopanda nambala. Chifukwa chake chinali pakamwa. Pa nthawi yopuma m'munda wa nzimbe, anadandaula kuti anyamata a chipani anabweza mkazi wake pamsika mpaka atagula makhadi a chipani awiri, lake ndi la mwana wa m'mimba. Wina anamva n'kukanena. Kumene anapita naye, Mose sankadziwa.

Nkhani ya pamsikayo Gershom anaimva kwa Esinala mwini wake, ndipo zimenezi zinamudya mayiyu mumtima. Anasiya kudya. Kukamveka galimoto kumsewu, ankasiya musi mumtondo n'kulowa m'nyumba. Anthu amene kale ankaima pakhomo pake kudzapatsana moni anayamba kulambalala njira ya kuseri kwa khola.

Tsiku lina masana, kutatentha moti nkhuku zinali yasaa pansi pa nkhokwe, Esinala anapempha mayi ake aang'onowo kuti atulutse makhadi aja. Iwo anakana, nati makhadi sadziwa dzina la ndende. Esinala anati iye sakufuna dzina la ndende, akungofuna kudziwa ngati ayembekeze munthu kapena uthenga wa maliro. Pamenepo mayi Clotilda anapita kudengu.

Anayala duku pakhonde, nasakaniza makhadiwo, namuuza Esinala kuti adule ndi dzanja lamanzere n'kusankhapo atatu. Loyamba linali ndi munthu womangidwa mwendo umodzi pamtengo, mutu uli pansi, mwezi watheka uli pamwamba pake. Esinala anagwira pakamwa. Mayi Clotilda anamuuza kuti ayang'ane nkhope ya munthuyo: maso ali otsegula, sanafe, wangomangidwa ndipo akudikira. Lachiwiri linali ndi agalu awiri akuuwa mwezi wathunthu, njira yopapatiza itadutsa pakati pawo. Anati limeneli ndi la Esinala, la mantha ndi mphekesera, nthawi imene munthu sasiyanitsa chitsa ndi fisi. Lachitatu linatuluka chozondoka: mfumu yachisoti chachifumu itakhala pampando, pansi pa mwezi wakuda.

Asananene kanthu, anamva munthu akuodira. Anali Dailesi wa nyumba yoyandikana nayo, atabwera kudzabwereka sefa. Anaona makhadiwo, nafunsa kuti nanga mfumuyo yazondokeranji. Mayi Clotilda anaphimba msanga, koma anali atachedwa.

Sabata isanathe, kuchitsime kunali kutamveka kuti mayi wa ku Mozambiki waombeza n'kuona mfumu ikugwa pampando. Anthu sankatchula kuti mfumu yake ndi iti, ndipo kusatchulako ndi kumene kunkaopsa. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa chongolota mtsogoleri wa dziko akudwala. Esinala anapempha kuti makhadiwo awaponye m'chimbudzi. Mayi Clotilda anati kutaya chinthu chimene anthu achiona kale n'kuvomera mlandu. Iwonso anali ndi mantha. Esinala ankawaona akusankha nyemba zomwezomwezo mobwerezabwereza.

Bambo Howard, tcheyamani wa chipani m'deralo, anabwera okha pa njinga chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Anali munthu wowonda, wosakonda kukweza mawu, ndipo anthu ankawaopa chifukwa cha zomwezo. Anakhala pampando umene Esinala anawapatsa, napempha kuti awaonetse makhadi. Anawatembenuza limodzilimodzi mpaka anafika pa la mfumu lija.

"Uyu ndani, mayi?"

Mayi Clotilda anayankha m'Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja kuti ameneyo si munthu wa dziko lililonse. Pa makhadi, mfumu imaimira mwini khomo, ndipo ikazondoka ndiye kuti pakhomopo palibe bambo. Anati aliyense m'mudzimo akudziwa kuti pakhomo pa Esinala palibe bambo.

Bambo Howard sanaonetse ngati akhulupirira kapena ayi. Anabweza khadilo pakati pa anzake, nauza mayiwo kuti asakanize ndipo iwo asankhapo limodzi. Anati akufuna aone okha mmene bodza limeneli limayendera.

Esinala anamva mwana akugunda m'mimba. Makhadi anali ambiri, koma iye m'maganizo ankangoona la mfumu lija likutulukanso chozondoka m'manja mwa tcheyamani. Mayi Clotilda akusakaniza, khadi lina linagwa pansi, nalitola n'kulipukuta ndi nsalu yawo. Bambo Howard anayendetsa chala pang'onopang'ono, nasolola limodzi.

Linali ndi munthu wopalasa bwato, atakweza mayi wofunda kumutu ndi kamwana, akulowera tsidya lina pansi pa mwezi wongooneka kumene.

Mayi Clotilda akanatha kungonena kuti ndi ulendo wabwino. Koma anaona nkhope ya bamboyo itasintha, ndipo anafunsa motsitsa mawu ngati pali wina wawo amene ali tsidya la mtsinje. Bambo Howard anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzicho. Esinala ankadziwa, monga mudzi wonse, kuti mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Mutarara, ku Mozambiki, ndipo chiyambire nkhondo sanamvekenso.

"Afika?" anafunsa bamboyo osadzutsa mutu.

"Khadi likuti ali pa ulendo, bambo. Zakufika ine sindingakunamizeni."

Bambo Howard anaika khadilo pansi mosamala. Kenako anafunafuna la mfumu lija, naling'amba pakati n'kuika zidutswazo m'thumba la malaya. Anaimirira, nanena kuti nkhaniyi yafika kale m'makutu a anthu oposa iwo, ndipo iwo akanena kuti anapeza mayi wokalamba wosokonezeka ndi nkhondo akusewera ndi zithunzi. Koma mayi Clotilda asapezekenso m'mudzimo mawa lake. Apite ku msasa kumene kuli anzawo. Esinala analimba mtima n'kufunsa za Gershom. Bambo Howard anakwera njinga, nati dzina limenelo asalitchule pamaso pawo.

M'mawa mwake mayi Clotilda anamanga kamtolo kawo. Esinala anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo anafuna kufunsa ngati zija ananena za mfumu zinali zoona kapena anangopeka kuti apulumuke, koma pamsewupo panali anthu odikira basi, ndipo sanafunse.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi. Esinala analima yekha chaka chimenecho, ndipo galimoto ikamveka ankalowabe m'nyumba. Kawiri konse anatuma uthenga ku msasa, koma anthu anati kumeneko kuli khamu losawerengeka ndipo dzina la Clotilda salidziwa.

Gershom anabwera mwanayo atayamba kukwawa. Anatsika pa lole ya thonje, atawonda, mano akutsogolo palibe, ndipo sanafune kunena kumene anali. Ku nzimbe sanabwererenso. Mlamu wake anamutenga kuti azikatchera naye maukonde kudambo, ndipo ankachoka m'mamawa n'kubwera ndi milamba yoti Esinala awambe. Anthu akabwera kudzamuona, iye ankayankha moni wokha, n'kupitiriza kusoka ukonde wake.