Mvula Itenga

Mitambo ikada pamwamba pa phiri la Zomba, amayi a m'dera lina ku Chinamwali sathamangira kukaanula zovala zokha pachingwe. Amathamangiranso matumba a zinyalala. Mvula yamphamvu ikangoyamba kudontha, aliyense amakhuthulira zake m'ngalande yodutsa kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Mvula itenga."

Masana amenewo Mayi Selina, ogulitsa mandasi pamsewu, anali atamanga kale thumba lawo ndi kansanza ka chitenje chawo chakale chofiira. Potembenuka anapeza mwana wawo Luntha atatseka pakhomo.

"Amama, chonde, m'ngalande ayi. Kalavati ya pansi pa msewu ija yadzaza kale. Madzi akabwerera afikira pakhoma lathu."

"Wayambanso za ku Rwanda? Tasuntha apo, mvula ingandipitirire!"

Luntha anali atangobwera kumene kuchokera ku Kigali, komwe kalabu yawo ya zachilengedwe inakacheza ndi achinyamata a mayiko ena. Atatsika ndege kumeneko anamulanda jumbo lomwe anaikamo nsapato, poti majumbo saloledwa m'dzikomo, ndiye analowa mumzinda wa eni nsapato zili m'manja. Nkhaniyi amayi ake anaifotokozera aliyense wogula mandasi, akuseka mpaka misozi. Koma kuseka kunatha mwanayo atayamba kukumba dzenje la makoko ndi kusunga majumbo pathumba lakelake. Ankangobwereza mawu a mayi yemwe anamusunga ku Kigali, amene anamutenga kukayeretsa ngalande pamodzi ndi anthu onse a m'deralo: madzi sadya pulasitiki, amangomusamutsa.

Mayi Selina zinkawawawa. Mwana wobereka okha, kukwera ndege kamodzi kokha, lero aziwaphunzitsa kutaya zinyalala? Anamukankhira pambali, n'kukaponya thumba lonse m'ngalande osalimasula n'komwe. Madzi analitenga, iwo n'kusasa m'manja.

Mvula inagwa ngati yakwiyira munthu. Madzi ochokera m'phiri anatsika ofiira, akukokota chilichonse. Pasanapite nthawi Mayi Selina anazindikira kuti mkokomo wa m'ngalande wasiya, chonsecho padenga mvula ikusokosabe. Anasuzumira pawindo. Ngalande inali itasanduka dziwe, ndipo dziwelo linali likubwerera kumtunda. Kalavati ya pansi pa msewu, kumunsi kwa nyumba yawo, inali itatsekeka.

Nyumbayo inali ya zidina. Anaimanga okha ndi thukuta la mandasi bambo a Luntha atamwalira, ndipo kwina kolowera analibe. Madzi anafika pakhoma la kuchipinda, zidina n'kuyamba kumwa. Dothi linkagumuka pang'onopang'ono iwo akuona.

"Mayo ine, nyumba yanga! Luntha! A Uledi, tithandizeni!"

A Uledi, oyandikana nawo nyumba amene amapalasa kabaza, anatulukira ndi khasu ndi nsungwi yaitali. Luntha anali atafika kale pakalavati, akupinda siketi kuti atsikire m'madzi.

"Usalowe, iwe!" anakuwa a Uledi. "Ikatseguka ikumeza pamodzi ndi zinyalalazo. Kwera pamsewu, tikokere pamwamba."

Anamangirira khasu kunsungwi n'kuyamba kukokera. Kunatuluka majumbo, mabotolo, matewera a ana, chidebe chosweka. Madzi osasuntha. Anthu ena anafika ndi makasu awo, ena kudzangoonerera atafunda masaka. Mayi Selina ankathamanga uku ndi uku. Akayang'ana kukhoma, madzi afika m'mawondo ndipo mng'alu wayamba pakona. Akayang'ana kumsewu, mwana wawo wagona chafufumimba m'mphepete moterera, a Uledi atamugwira mwendo.

"Luntha, zisiye! Igwe nyumbayo, bola iwe!"

"Amama dikirani, chakola chinachake chachikulu. A Uledi, kokani!"

Anakoka onse pamodzi, nsungwi ikuthetheka. Chinthucho chinazuka, ndipo madzi anakhamukira m'kalavati ndi mkokomo womwe unagwedeza msewu. Dziwe lija linayamba kuphwa. Khoma linatsala lonyowa, long'aluka pakona, koma lili chiimire.

Anthu anazungulira chomwe chinatseka kalavati. Linali thumba lodzaza ndi majumbo a mafuta a mandasi, lomangidwa ndi kansanza kofiira. Chitenje chimenecho Chinamwali yense ankachidziwa. Mayi Selina anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo.

"Ndi langa," anatero motsitsa mawu. "Mvula inatengadi, koma yandibwezera pakhomo."

"Si lanu lokha, amake Luntha," anatero a Uledi akuloza mulu wonse. "Matewerawo ndi a kwathu. Tonse tinaika dzanja pakhoma lanulo."

Mawa lake alangizi a zaumoyo, a Mwanaidi, anayendera deralo. Anafotokoza kuti madzi oterewa akalowa m'zimbudzi ndi m'zitsime amabweretsa kolera. Kenako anapempha Luntha kuti anene zomwe anaona kunja. Nthawi ino panalibe womuseka za nsapato. Anagwirizana kuti makoko ndi zotsala za chakudya azikwirira padzenje zisanduke manyowa, majumbo ndi mabotolo azisunga padera mpaka zikatayidwe pamalo oyenera, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi onse aziyeretsa ngalande.

Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma kwa Mayi Selina anagonera ndi a mwana. Khoma analikonza, ndipo mandasi awo tsopano amakulunga m'pepala. Wina akapempha jumbo amamuyankha kuti, "Bwerani ndi mbale, achimwene. Jumbo linatsala pang'ono kundigoneka panja."

Mitambo itadanso paphiri, anaona mayi wina akuthamangira kungalande ndi thumba. Anasiya mandasi pamoto n'kukaima kutsogolo kwake, monga momwe Luntha anaimira pakhomo paja.

Ngalande ndi njira ya madzi, si dzala. Zinyalala zomwe timapatsa mvula sizisowa ayi. Zimakaima pakhomo pa munthu wina, ndipo tsiku lina pakhomopo pamakhala pathu.