Tsitsi la Pansi pa Duku

Chipinda chimene ndimalukiramo tsitsi pa Chiringa si changa. Ndi cha achimwene anga a Lingson, amene amagula nandolo kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe. Nandolo ali ndi nyengo yake, ndiye miyezi yambiri chipindacho chinkangokhala ndi makoswe ndi sikelo yolendewera pamsomali. Mu Januwale ndinawapempha kuti nditsegulemo saluni. Anavomera, koma ndi mawu. Anati nandolo akadzayamba kutuluka adzabwera kudzaona. Akadzapeza anthu pabenchi, matumba awo adzawapezera malo ena. Akadzapeza ndili ndekha ndi galasi, sikelo idzabwerera pamsomali pake, ine n'kubwerera pakhonde kumudzi kumene ndinkalukira ana asukulu. Achimwene anga sanena chinthu kawiri, ndipo saiwala.

Pakhonde paja sindinkafuna kubwererapo. Ndinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, nkhuku zikundidutsa m'miyendo, aliyense akunditcha Mervis wa ana. Ndiye nditalowa m'chipindamo ndinachita zonse zimene ndinkadziwa. Ndinapaka penti, ndinalembetsa dzina pakhomo, ndinagula chipepala chachikulu cha masitayelo a tsitsi n'kuchimata kukhoma. Pa chipepalapo pali atsikana ovala tsitsi lokwera ngati chulu, lina logwera mpaka m'chiuno, ndipo zonsezo ndimazitha. Ndinkajambula ntchito yanga n'kuiika pafoni tsiku lililonse. Oiona anali omwewomwewo: azakhali anga a ku Migowi, asuweni awiri, ndi mwamuna wina amene ankangolemba kuti ndanenepa.

Pofika Julaye benchi inali ikadali yatsopano. Masiku ena ndinkasesa kawiri kuti odutsa aone kuti muli munthu. Kasitomala wanga wokhazikika anali mmodzi, a Chawezi, namwino wochokera ku Rumphi amene amagwira ntchito kuchipatala chapafupi. Tsiku lina ndikuwaluka zokwera za pachipepala ndinawadandaulira, ndipo anandiuza kuti zithunzi za pafoni sizingandithandize kuno, chifukwa amayi ambiri a kuno foni imakhala m'thumba mwa bambo. Anati ndipeze anthu ochepa amene akupita pagulu lalikulu, ndiwaluke mwaulere masitayelo anga abwino kwambiri, ntchito yanga ikadzionetse yokha. Nzeru imeneyo inali yabwino, sindiwanena. Chimene chinalakwika ndinachiwonjezera ndine.

Lamulungu lotsatira kutchalitchi analengeza kuti amayi a mpingo wathu adzakhala ndi msonkhano wa masiku atatu ku Nambazo, kwa Chiwalo, ndipo kudzabwera amayi ochokera m'nthambi zonse mpaka kumbali ya kunyanja ya Chilwa. Ena anamva za mapemphero, ine ndinangoona mitu. Titatuluka ndinapita kwa a Eneless, wapampando wa amayi, n'kuwauza kuti amayi khumi opita kumsonkhanoko ndiwaluka osalipira kanthu. Anandiyang'ana kanthawi, n'kundifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati ndaganiza. Mbuzi yanga imodzi inapita pamsika sabata yomweyo, n'kubwerako ili meshi.

Ndinaluka masiku anayi, zala mpaka kutupa. Rejoice, amene amatsogolera nyimbo, ndinamukweza mtundu uja wa chulu. Ena ndinawagwetsera kumbuyo, ena ndinawazunguliza pamwamba ngati nkhata. Ndinkakoka kwambiri kuti zisaphwasuke panjira. Aliyense ankadziyang'ana pagalasi, kutembenuka uku ndi uku, n'kutuluka akumwetulira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kanthu.

A Eneless anabwera omaliza, Lachinayi madzulo dzuwa likadalipo. Ndinawaonetsa chipepala chija kuti asankhe, koma sanachiyang'ane n'komwe.

"Zanga zigone, mwanawe. Mizere basi, yopita kumbuyo. Meshi ayi, ndipo usandikoke."

Ndinayesa kuwanyengerera kuti akuluakulu nawonso amaoneka bwino ndi zamakono. Anandiyankha m'Chilomwe, ndipo a Eneless akafika pa Chilomwe ndiye kuti nkhani yatha. Ndinawaluka mizere yawoyo ndikunyinyirika mumtima. Ndinawapaka mafuta a nsatsi amene ndimayenga ndekha, chifukwa mafuta ogula ndinali nditawamaliza pa anzawo. Sizinanditengere ngakhale ola limodzi, ndipo sindinawajambule.

Lachisanu m'mawa ndinalawirira kutchalitchi ndi foni yodzaza moto kuti ndiwajambule akukwera lole. Ndinawaona akubwera mumsewu akuimba. Mabulauzi oyera, masiketi akuda, ndipo pamutu pa aliyense duku loyera, lomangidwa mpaka m'makutu.

Ine Mervis ndinakula ndikusita duku la mayi anga Lachinayi lililonse. Ndikudziwa kuti mayi wa mpingo wathu akavala yunifolomu tsitsi silioneka ngakhale limodzi. Ndinkadziwa ndili ndi zaka zisanu. Koma kwa milungu iwiri nkhaniyi sinandidutse m'mutu, chifukwa ndinkangoona khamu la anthu likuloza ntchito yanga. Ndinaima pamenepo foni ili m'manja. Duku la Rejoice linali litakhala pamwamba pa chulu chija ngati likufuna kuuluka. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa chifukwa chake sanandikumbutse.

"Tikanakukumbutsa ukanatilukabe?" anatero, n'kukwera lole.

Sindinajambule chilichonse. Ndinabwerera kusaluni, ndinatseka chitseko, ndipo ndinalira ndithu, chifukwa cha mbuzi komanso chifukwa cha uchitsiru.

Zinaipiraipira atabwerako. Lolemba Rejoice anafika ndi anzake awiri, mitu ili yophwasula. Anati ku Nambazo kunatentha, maduku ankangotsetsereka nthawi ya nyimbo, ndipo mmene ndinawakokera muja mitu inkawawa mpaka m'maso. Thukuta litalowa pansi pa meshi kunayamba kuyabwa, moti wina ankadzikanda ndi cholembera m'kati mwa ulaliki, amayi a nthambi zina akuseka. Anayi anamasula Loweruka, msonkhano usanathe. Pofika tsiku la msika nkhani inali itafala kuti dzanja la Mervis ndi lowawa. Ndinkafuna kuti dzina langa limveke, ndipo linamvekadi.

Madzulo ake a Lingson anaima ndi njinga yamoto pakhomo, osatsika. Anasuzumira m'kati, anaona benchi, n'kunena kuti alimi ayamba kumenya nandolo ndipo matumba oyamba afika Loweruka. Anafunsa ngati msomali uja ukadalipo. Ndinati ulipo.

Lachitatu ndinali nditayamba kale kulongedza zipeso m'katoni pamene panafika amayi awiri panjinga zakapalasa, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anali achilendo, ochokera kumbali ya kunyanja kumene amalima mpunga. Anafunsa ngati pano ndi pamene analukitsa a Eneless. Ndinadziwa kuti kwabweranso mlandu wina. Ndinavomera, ndikukonzekera kupepesa. Wamkuluyo anakhala pampando, anamasula duku lake, n'kunena kuti akufuna zomwezo.

Ndinamulozera chipepala chija mwachizolowezi. Anapukusa mutu. Ndikumupesa anandifotokozera mmene zinakhalira. Kumsonkhano amayi onse ankagona m'makalasi a sukulu, ndipo m'mawa ankasamba pamodzi kuseri kwa mpanda wa udzu. Kumeneko duku limachoka. Kumeneko ndi kumene anaona mutu wa a Eneless, mizere itagona bwinobwino tsiku lachitatu ngati yalukidwa dzulo, khungu losatupa, lopanda mfundu. Anaonanso kuti duku lawo silinasunthe masiku onse atatu, ndipo dzanja lawo silinapite kumutu ngakhale kamodzi. Amayi anayamba kuwagwiragwira m'mutu ndi kununkhiza mafutawo, ndipo a Eneless ankangoti, pa Chiringa, pafupi ndi chigayo, mukafunse Mervis.

Kunena zoona, zinandiwawa. Pa mitu khumi ija, umene unandibweretsera anthu ndi umene ndinauluka monyoza, mothamanga, osaujambula. Ndinaphunzira masitayelo a pachipepala zaka zambiri, ndikuyeserera pa ana a eni, ndipo anthu anapalasa njinga mtunda wonsewo kudzafuna mizere imene ndinkaluka ndili sitandade faifi. Komabe ndinawaluka, ndipo ulendo uno ndinaika mtima. Pomaliza ndinamuuza mayiyo kuti amange duku lake pompo, aweramire pansi, apukuse mutu ngati ali pakolasi. Silinasunthe. Mnzakeyo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anakhala pampando.

Atapita ndinatseka n'kupita kwa a Eneless. Ndinawapeza akusola nandolo pamkeka. Ndinawathokoza, kenako ndinawafunsa chifukwa chake sanandiletse tsiku lija kutchalitchi, poti iwo ankadziwa. Anati anandifunsa ngati ndaganiza bwino ndipo ndinati ndaganiza, ndiye munthu wamkulu sumufunsa kawiri.

"Iwe umafuna akuone anthu a mumsewu," anatero. "A mumsewu amaona duku. Tsitsi lathu timaonana tokhatokha, posamba, pamaliro, pamsonkhano. Ndipo tikaonana timauzana."

Lachinayi ndinachita zinthu zitatu. Ndinadula katoni n'kulembapo ndi makala kuti TIMALUKA ZA PANSI PA DUKU, n'kuikhomera pansi pa dzina la saluni. Ndinagula nsalu yoyera n'kudula duku langa loyesera, loti aliyense azimanga asanadzuke pampando. Chachitatu chinali chovuta: ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa amayi asanu ndi anayi aja, kuwapepesa ndi kuwapempha kuti abwere ndiwalukenso bwino. Rejoice anandisiya nditaima pabwalo kwa nthawi ndithu akutsuka mbale, kenako anati aona. Amene anabwera woyamba Lachisanu m'mawa anali iyeyo, ndipo anabwera ndi apongozi ake.

A Chawezi atadutsa n'kuwerenga katoniyo anaseka kwambiri. Anati iwo sanaganizepo za maduku, kwawo amapemphera mpingo wina, ndipo anapepesa. Ndinawauza kuti asapepese, mutu umene unaiwala ndi wanga. Anandifunsa ngati tsopano ndisiya kuwaluka zawo zokwera zija. Ndinati ayi, chipepala chija chikhalabe kukhoma chifukwa cha iwo.

Loweruka ndinatsegula tambala atangosiya kulira, ndipo ndinapeza njinga zitatu zitatsamira kale khoma. Amayi aja a Lachitatu anali atauza anzawo. Kunabweranso a mpingo wina, amene maduku awo ndi a mtundu wina koma mutu ndi womwewo. Pofika teni koloko benchi inali itadzaza, ena atakhala pazitenje panja, akusenda mtedza ndi kukambirana za mtengo wa feteleza. Mafuta a nsatsi anali atatsala pansi pa botolo, ndipo awiri anali atafunsa kale ngati ndimagulitsa apadera.

A Lingson anafika chakumasana ndi ngolo ya ng'ombe, matumba ali pamwamba, sikelo ili m'manja. Analowa mopanikizika pakati pa amayiwo n'kuima pafupi ndi msomali. Ine sindinasiye kuluka. Anayang'ana olowa, onse ovala maduku. Anayang'ana mayi amene ankatuluka, nayenso atavala duku. Nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene akumuchenjerera pasikelo.

"Mervis, anthu ndawaona. Koma walukawo ndi ati? Onsewa akungofanana."

"Amene sakukanda, achimwene."

Amayi anaseka, ndipo wina panja anachotsa msanga dzanja kumutu. A Lingson sanaseke, iwo saseka pa nkhani ya malonda. Anaima pang'ono, anayang'ana msomali, kenako anatuluka ndi sikelo yawo. Ndinamva akulankhula ndi mwini ngolo kuti apitirire kwa mnzawo wina amene ali ndi shedi kuseri kwa msika. Ngolo isananyamuke anabweranso atasenza thumba limodzi, analitsitsa m'mbali mwa khoma, anabwerera n'kubweretsa lachiwiri. Ndinaganiza kuti asintha maganizo. Koma anangouza amayi awiri achikulire amene anali pansi kuti akhale pamatumbapo, n'kundiuza kuti adzawatenga ndikadzagula benchi ina.

Benchi ina ndinagula mu Okutobala, ndipo pano ndili ndi mayi wina amene amandithandiza masiku a msika. Zithunzi pafoni ndinachepetsa, chifukwa ntchito yanga yambiri ikatuluka pakhomo sioneka. Nthawi zina kutchalitchi ndimakhala kumbuyo n'kumayang'ana mizere ya maduku oyera, ndikudziwa mutu uliwonse umene uli pansi pake, ndipo palibe wina m'tchalitchimo amene angaloze kuti iyi ndi ntchito ya Mervis. Zimandikhudzabe pang'ono, sindinama. Msomali wa sikelo uja sindinauzule. Ndi pamene ndimakoleka duku loyesera.