Apongozi Kutsogolo kwa Chishango

Anzake a ku polisi ankamutcha Chitseko, chifukwa akaima pakati pa mzere ndi chishango chake, panalibe wodutsa. Mitengo ya zinthu itakwera mpaka anthu kutopa n'kudandaulira m'nyumba, zionetsero zinabuka, ndipo iye ankachoka m'mawa n'kubwerako akununkha utsi wokhetsa misozi. Mkazi wake ankamuvulitsa yunifolomu pakhonde kuti ana asayetsemule. Anali atasiya kumufunsa kuti kwayenda bwanji, nayenso sankafotokoza.

Tsiku limenelo anawaika pa mphambano ya kumsika. Bwana wawo, munthu wamfupi wolankhula ngati akuwerenga chilengezo, anawakumbutsa kuti ntchito yawo n'kuteteza miyoyo ndi katundu, ndipo wosuntha pamzere lamulo lisanaperekedwe adziwa yekha. Anaima. Dzuwa linawotcha zisoti, thukuta n'kumatsikira m'jombo. Chapatali matayala ankayaka, anthu akubwera pang'onopang'ono, akuimba.

Kutsogolo kunali amayi a mumsika amene mabenchi awo anaphwasulidwa. Anafika mpaka pa zishango n'kuima. Amene anaima moyang'anana ndi Chitseko anali apongozi ake, mayi a mkazi wake, ogulitsa masamba. Chikwatirireni anali asanawayang'anepo m'maso. Ankawalankhula atawerama, chipewa chili m'manja. Tsopano anali pafupi kwambiri moti ankaona imvi zosuzumira pansi pa duku lawo.

Iwo anamuyang'anitsitsa kupyola pa galasi la chisoti.

"Bambo a ana, mwadya koma?"

Chitseko anayang'ana kumbali. Mnzake wa kumanzere, amene ankamutcha Wailesi chifukwa cholongolola, anamugunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti mayiyu wamukonda, asachedwe kufunsira.

Miyala inayamba kugwa kuchokera kumbuyo kwa amayiwo. Bwana analamula utsi, kenako analamula kuti mzere upite kutsogolo. Miyendo ya Chitseko inayenda yokha monga anaiphunzitsira. Anamva chishango chikugunda thupi lopepuka kuposa mmene ankaganizira. Apongozi anagwa chagada, mkono n'kumenyetsa m'mphepete mwa ngalande. Iye anawalumpha, pakuti mzere ukayamba kuyenda suima, ndipo anapitiriza kukankha mpaka msewu unatsala wa miyala ndi nsapato zokhazokha.

M'lole pobwerera, Wailesi ankayerekeza mmene anthu ankathawira, ena n'kumaseka. Bwana anawayamikira kuti palibe chipolopolo chinalira, ndipo zinali zoona. Chitseko anamwa madzi. Anadikira kuti mwina mtima uwawa, koma chimene ankamva chinali thuza la pachidendene basi.

Anagona ku kampu. Mawa lake masana anawalola kupita kwawo kukasintha zovala. Anapeza apongozi ali pabalaza, pa mpando wake womwe, mkono uli m'chikhakha. Mlamu wake ndiye anali atawatenga kuchipatala. Mkazi wake ankatukwana apolisi onse pamodzi, opanda amayi awo, opanda chisoni, kenako anakumbukira amene akulankhula naye n'kumufunsa ngati nayenso anali kumsikako. Iye anati analiko, koma anthu anali ambiri. Mkaziyo anatembenukira kwa mayi ake n'kuwafunsanso ngati sanaone nkhope ya amene anawagwetsa.

"Onse amafanana, mwanangu," anatero apongozi. "Zisoti zokhazokha."

Chitseko ananjuta n'kuwapatsa moni monga mwa masiku onse. Iwo anayankha bwinobwino, n'kumufunsa nayenso mmene wadzukira.

Mkazi atapita kukhitchini anatsala awiri. Pa wailesi ya pakabati munthu ankanena kuti bata labwerera mumzinda. Apongozi ankalimbana ndi kabotolo ka mankhwala ndi dzanja limodzi, chivindikiro chikuwakanika. Iye anakatenga, anatsegula, anawathirira madzi m'kapu. Anamwa n'kumuthokoza. Iye anakhala pansi pafupi ndi khomo kudikira mawu odzudzula amene ankadziwa kuti ndi omuyenera, koma sanabwere. Iwo anangofotokoza kuti adokotala ati mkono upola, kungoti dengu lolemera sadzanyamulanso, ndipo benchi yomwe panalibe, ndiye vuto silinali lalikulu. Anati amayi a mumsika apitanso ku zionetsero mawa. Iwo sangathe, koma mng'ono wawo akakhalako.

"Mumamudziwa uja," anatero akuyang'ana kapu. "Ndi wamfupi, amavala magalasi. Sathamanga."

Chitseko anagwedeza mutu.

Pasanapite nthawi lole inaliza hutala kumsewu. Anavala yunifolomu ina yomwe inali isanaume pakolala, n'kumanga jombo mosamala kuti thuza lisaphulike. Anatsanzika apongozi, iwo anati ayende bwino. Mkazi wake anamupatsa botolo la madzi n'kumufunsa ngati abwera lero. Anati sakudziwa.

Azimayi a nyumba zoyandikana anali pampopi. Atamuona anasiya kulankhula, madzi n'kumasefukira m'ndowa mpaka iye atadutsa. Anakwera lole n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mulu wa zishango. Wailesi anamufunsa chimene wakhalira duu ngati wafedwa. Iye anati ndi tulo. Anatsamira chitsulo, anatseka maso, lole n'kunyamuka.