Kaundula wa Veronika

Ndinabwerera kwathu mu Ogasiti 1994, patatha zaka makumi awiri ndi zitatu chithawireni. Mlandu wanga unali wobwereketsa buku kwa munthu amene sankakonda kuwerenga koma ankadziwa bwino ofesi yokalipereka. Basi inanditsitsa pa Madisi ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni awiri a mabuku. Zaka zonsezo mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndinkawasunga m'mutu mwanga ali ndi masuku ndi misuku yake. Ndinawapeza atametedwa mpala ngati akaidi, mitengo itathera m'zigafa za fodya. Abambo ndi amayi ndinawapeza ali mitumbira iwiri yomera tsekera.

Wondilandira anali mlongo wanga Veronika, chitsiriza m'nyumba mwathu. Ndinamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mano akutsogolo atagweluka. Tsopano anali mayi wamtali, woyankhula mosazungulira. Anamvetsera moni wanga mpaka kumapeto, kenako nkuseka.

"Achimwene, Chichewa chanuchi chikununkha Chibemba. Tichichapa."

Ku Zambia ndinagwira ntchito mumgodi wa kopa, zaka khumi ndi zisanu zomaliza ndili woyang'anira chitetezo cha anthu otsika pansi. Kwathu kunalibe mgodi, choncho ndinkangokhala pakhonde ndi mabuku anga, nkumamvetsera anthu akuuzana kuti zinthu zasintha. Zinasinthadi: amene kale ankatifunsa makadi a chipani pamsika anali atangosintha mtundu wa malaya.

Chaka chomwecho sukulu inakhala yaulere. Ana anatuluka m'midzi ngati inswa, ena amsinkhu wokwatiwa, ena oti akadayamwabe. Veronika anali ndi satifiketi imene inkangodyedwa ndi njenjete, ndiye anamulemba uphunzitsi pa sukulu ya kwathu atamuphunzitsa milungu iwiri. Anamupatsa Sitandade 2, mayina zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, m'nyumba yazidina imene ine ndinaphunziramo katekisimu ndili wamng'ono.

Tsiku lina ndinamupititsira ambulera amene anaiwala. Ndinaima pakhomo, khomo lake limodzi lokhalo, ndikuyang'ana khoma lakumadzulo. Linali ndi mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, woti dzanja langa linalowamo mpaka pachigongono. Malata anali ogwiridwa ndi miyala. Pansi pake panakhala ana othinana, mwendo wa uyu pamsana pa uyo.

"Nambewe, khoma ili silifika Januwale."

"Ndiwauze chiyani anawa, achimwene? Abwerere kwawo mpaka boma liumbe njerwa?"

Ndinapita kwa mphunzitsi wamkulu, bambo Felton Kachigamba, munthu waulemu amene ankavala tayi ngakhale mu Okutobala. Anandionetsa makalata atatu amene analembera ku boma za khomalo. Yankho linali lisanabwere. Ndinawapempha kuti mwina, poti khoma sitingalikonze, ndiphunzitse aphunzitsi chochita tsiku limene lidzayambe kugwa. Anandipatsa Loweruka atatu.

Mawezulo anatipatsa ndi Yakubu, mwini golosale wa pamphambano, amene tinkakhala benchi limodzi mu Sitandade 4. Atandiona anayamba kuuza aliyense amene anali m'golosalemo.

"Uyu ndi Vinsenti Mbewe! M'kalasi anali ndi mawu awiri, ake ndi anga!"

Tinaseka. Ndinatenga mawezulo asanu ndi anayi aja nkumapita, osaganizanso za mawu akewo.

Aphunzitsi anabwera onse, ena monyinyirika. Mayi Magdalena, amene anali ataphunzitsa pamenepo zaka makumi atatu, anakhala kutsogolo atapinda manja.

"Bambo Mbewe, kufola musavutike nako. Ana athu tinkawafoletsa pamsewu kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuwombera m'manja magalimoto. Kufola ndiye digiri yathu."

"Nthawi imeneyo munkawafoletsa kuti aonedwe, mayi. Ine ndikufuna afole kuti awerengedwe."

Ndinalemba pabolodi mawu atatu: Tulukani. Werengani. Musabwerere. Tinayeserera kutuluka mzere umodzi umodzi, kuyambira okhala pafupi ndi khoma. Tinasankha bwalo la mpira kuti ndiye pokumanira, kutali ndi mitengo ndi malata. Tinamangana mabandeji a zitenje mpaka bambo Kachigamba anaoneka ngati mtolo wa fodya wopita ku okushoni. Koma mtima wanga wonse unali pa liwu lachiwiri lija. Ndinawafotokozera za bolodi la kumgodi. Munthu aliyense potsika amapachika kachitsulo ka nambala yake pa msomali, ndipo potuluka amakachotsa ndi dzanja lake. Kachitsulo kakatsala, ndiye kuti pansi patsala munthu.

"Bolodi limenelo silinama," ndinatero. "Lanu bolodi ndi kaundula. Mukaitana mayina mmawa, mwapachika zitsulo. Potuluka musatenge chikwama, musatenge choko, tengani kaundula."

Veronika anakweza dzanja ngati mwana wasukulu, dala, kuti anzake aseke.

"Aphunzitsi, nanga pabwalo paja akaperewera mmodzi?"

"Kumgodi timatumiza gulu lopulumutsa. Ali ndi zingwe, zipewa zachitsulo, nyali."

"Eya. Nanga lathu gulu likhalira kuti? Ku Ntchisi boma?"

Onse anaseka, ine ndemwe. Ndinaloza liwu lachitatu lija ndi choko, nkunena kuti mudikire anthu abwere, kenako tinapitiriza. Kuwerenga ndinakuphunzitsa maola awiri. Kusabwerera ndinakuphunzitsa ndi nsonga ya choko.

Pofika kumapeto kwa Novembala, kalasi ya Veronika inkatuluka yonse m'mphindi ziwiri. Ankandiuza monyada, akusenda mtedza, kuti ana ake aposa a Sitandade 8.

Linali Lachiwiri, sabata yoyamba ya Disembala, cha m'ma leveni koloko mmawa. Mvula inali itagwa masiku atatu ndipo mudzi wonse unali m'minda kuwoka fodya. Kumadzulo kunada mwadzidzidzi, mphepo nkuyamba kunyamula zinyalala. Ndili pakhonde ndinamva wezulo kutsidya kwa dambo, kulira kwakutali katatu, monga ndinawaphunzitsira. Ndikuvomera kuti choyamba kubwera mumtima mwanga chinali kunyada. Ndili pakati pa dambo, madzi m'mawondo, ndinamva chiphokoso china chimene wogwira kumgodi sangachisokoneze ndi bingu.

Ndinapeza ana ali pabwalo la mpira, m'mizere ya khumi khumi, atanyowa, ali chete. Nyumba ya katekisimu inalibe denga ndi khoma lakumadzulo. Mayi Magdalena anaima pamvula atakumbatira kaundula pachifuwa, ndipo ndi iwo amene anandiuza zimene zinachitika.

Malata atayamba kunyamuka, Veronika analiza wezulo nkutulutsa ana onse, iye pomalizira, kaundula m'khwapa. Pabwalo anawerenga mizere: 142. Anatsegula kaundula: mmawa umenewo anayankha 143. Anawerenganso. Kenako anayamba kuitana mayina, akufuula kupikisana ndi mphepo, mpaka anafika pa Tiyamike Chiwaula. Zii. Anaitananso. Anafunsa ana ngati wina wamuona, anafunsa mkulu wake Faines, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anali m'kalasi yomweyo. Faines anangoyang'ana pansi.

"Ndinamugwira dzanja, bambo Mbewe," anatero mayi Magdalena. "Ndinati achimwene ako anati tisabwerere. Akuti, anatinso kaundula sanama. Akuti kamwanako nkakang'ono, mwina kabisala kuseri kwa bolodi. Anandipatsa bukuli nkuthamanga."

Tinamupeza pafupi ndi bolodi, zidina zitamukwirira kuyambira m'chiuno, mtanda wa denga uli pachifuwa. Ankapuma. Atandizindikira anayesa kudzutsa mutu.

"Achimwene, mwamupeza?"

"Tikufuna, Nambewe. Gona."

Amuna ochokera m'minda anapitiriza kufukula ndi makasu, ena ndi manja, kufuna mwana. Tikumunyamula Veronika pachitseko kupita ku galimoto ya Yakubu, kunafika mayi wina akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, akuitana Faines. Pambuyo pake pankabwera kamtsikana kowuma bwinobwino pansi pa thumba la feteleza, kali ndi khanda kumbuyo. Ana onse pabwalo anatembenuka. Wina anati, "Tiyamike uyo."

Sanabwere kusukulu tsiku limenelo. Mayi ake anamusiya kunyumba kuti alere khanda iwo akuwoka fodya.

Msewu wa ku Madisi unali phala. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, mutu wa Veronika uli pamiyendo panga, mayi Magdalena atatigwirira chitenje pamwamba. Ndinamuuza kuti mwana wapezeka, ali moyo, alibe ndi bala lomwe.

"Anali kuti?"

"Panja."

Anayang'ana chitenje chija.

"Ndiye kuti ndinawerenga molakwa?"

"Unawerenga bwino, mlongo wanga. Kawiri konse."

Anamwalira tisanafike pa tala.

Pamaliro anthu ankanong'onezana za mwana wabodza amene waphetsa mphunzitsi. Nkhani inali itamveka. Pasukulupo panali lamulo lakalekale: wojomba masiku atatu otsatana amazula chitsa kuseri kwa ofesi. Tsiku limenelo linali lachitatu la Tiyamike, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene khasu linkamuposa msinkhu. Dzina lake litaitanidwa, Faines anabisa nkhope kumbuyo kwa mnzake nkuyankha ndi mawu aang'ono. M'kalasi ya ana oposa zana, mphunzitsi saona nkhope, amangomva mawu nkuchonga. Ndipo pabwalo paja, atafunsidwa, Faines ankaganiza za chitsa.

Nanenso ndinali ndi mkwiyo, ndipo ndinkaufunira pokhala. Titachoka kumanda, Yakubu anakhala nane pansi pa nkhokwe. Ndinayamba kumuuza kuti kumgodi munthu wopachika kachitsulo ka mnzake amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

"Kumgodi," anatero Yakubu. Anachotsa kofia wake, nkumuyang'ana mkati, nkumuvalanso. "Vinsenti, Lachisanu lililonse ine ndikapita ku mzikiti ndi bambo anga, ankati Yakubu Sadick, ndani ankayankha?"

Anadziyankha yekha.

"Zaka zitatu, mnzanga. Unkachita kutsina mphuno kuti umveke ngati ine. Sindinakwapulidwepo ngakhale kamodzi. Pano aliyense anayankhirapo wina. Magdalena akudziwa, aHedi akudziwa, mlongo wako naye ankadziwa. Koma unabwera iwe wophunzira, wochokera kunja, ndi bolodi lako losanama. Akanakutsutsa ndani?"

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkalira kwathu. Ndinkakumbukira fungo la mvula yoyamba, mayina a mitsinje, nyimbo za kwaya ya Chilatini zimene ngakhale ansembe anaziiwala. Ndinkanyoza otsala kuti sanasamale dziko langa. Koma chinthu chimene mwana aliyense wa Sitandade 2 amachidziwa, chimene ndinachichita ndekha ndi mphuno yanga, ndinachisiya pamalire.

Sukulu itatsegulidwanso mu Januwale, bambo Kachigamba anandiitana. Lamulo la chitsa anali atalichotsa. Anatsegula kaundula pa tsamba la tsiku lija, mapepala atafufuma ndi mvula, nkundionetsa kachizindikiro ka Veronika pa dzina la Tiyamike.

"Malamulo akuti tikonze, tilembe kuti anajomba. Koma dzanjali ndi la malemu. Ndati ndifunse kubanja."

"Musakonze. Mudzawaonetse aphunzitsi atsopano."

Ndinawapempha Loweruka lina limodzi. Nthawi ino sindinanene za mgodi. Tinagwirizana kuti mwana akaitanidwa aziimirira, mphunzitsi amuone ndi maso asanachonge, ngakhale zitenge theka la ola. Ndipo maola awiri otsalawo tinakhala pa liwu lachitatu lija. Panalibe woseka.

Lolemba ndinapita kukaona. Sitandade 2 inali pansi pa msasa waudzu pafupi ndi bwalo la mpira, mayi Magdalena ali kutsogolo. Anandiuza kuti Faines wabwerera tsiku lomwelo, mayi ake atachita kumukoka, ndipo kuti chichitikireni ngozi ija sanayankhulepo ndi munthu wakunja kwa nyumba yawo. Anzake anamusiyira malo aakulu mbali zonse, m'kalasi imene ana ankakhalirana pamiyendo.

Mayina anayamba. Mwana aliyense ankaimirira, nkuyankha, nkukhala. Tiyamike Chiwaula anaimirira, mayi Magdalena anamuyang'ana nthawi yaitali, nkuchonga.

"Faines Chiwaula."

Zii. Mwanayo anali atakumbatira mawondo, akuyang'ana nyerere pansi.

"Faines Chiwaula. Mwanawe, lamulo ndi loti uimirire."

Ana ena anayamba kutembenuka. Ndinadutsa pakati pawo, ndikuponda mosamala, mpaka pa malo opanda munthu aja. Ndinakhala pansi pambali pake, pafumbi, mawondo anga akulira. Sanandiyang'ane. 

"Alipo, mayi," ndinatero. "Ndamuona ine. Chongani."