Kazembe wa Vailemo Anagona ku Langata

Ofesi ya kazembe wa dziko la Vailemo mumzinda wa Nairobi sinali ku Gigiri kumene kuli mabungwe akuluakulu ndi mipanda yamagetsi. Inali ku Madaraka, m'fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa mankhwala. Chipinda china ankagonamo akazembewo, a Reinford Tepaia. Chinacho ndiye chinali ofesi, momwe munali desiki ya Consolata Kamwendo, foni, makina a fakisi ndi mbendera yobiriwira yokhala ndi mbalame yoyera pakati.

Consolata anabwera ku Nairobi kuchokera ku Malawi mu 1995 potsatira mwamuna wake, Nicholas, yemwe anapeza ntchito ku bungwe lina ku Gigiri. Atatopa ndi kukhala pakhomo, anamva kutchalitchi kuti kazembe wina akufuna mlembi. Tsiku loyamba anafunsa mwaulemu kuti dzikolo lili kuti. A Tepaia, bambo wojintcha, waimvi, woyenda mokoka mwendo, anamutengera pamapu a pakhoma n'kuloza pakati pa nyanja ya Pacific, pomwe panali kadontho ka bolopeni.

"Ndinadonthezapo ndekha," anatero akuseka. "Ojambula mapu anatiiwala. Tonse a ku Vailemo titati tilowe m'bwalo la mpira lili kuseri kuno, mipando ina ikhoza kutsala."

Iwowa ndi amene ankaimira kachilumbako mu Africa monse, koma galimoto analibe. Kukakhala msonkhano ku Gigiri, Nicholas ankawadzera m'mawa n'kukawatsitsa pageti, pomwe alonda ankatembenuza chiphaso chawo uku ndi uku n'kufunsa m'Chiswahili kuti, "Vai-nini?" kutanthauza kuti "Vai-chiyani?"

Miyezi yambiri foni inkangokhala duu. Koma kukayandikira voti m'mabungwe aja, magalimoto aatali okhala ndi timbendera ankafola kutsogolo kwa sitolo, ndipo anthu a masuti ankakwera masitepe ali wefuwefu, atanyamula madengu a zipatso.

"Akumbukira kuti tili ndi dzanja," ankatero a Tepaia alendowo akatsika. "Ndi laling'ono, koma powerenga amaliwerenga ngati lawo."

Zipatsozo zinkathera kwa ana a Consolata, omwe ankawaitana akazembewo kuti agogo. Lamlungu a Tepaia ankadya kwa a Kamwendo. Akakhuta ankayamba nkhani za mwana wawo mmodzi yekhayo, Lenah, mphunzitsi wa kusukulu ya pachilumbapo, ndi za malemu akazi awo amene manda awo anali pansi pa mitengo ya kokonati. Ankati akapuma pantchito adzapita kukagona pambali pawo.

Mu 2003 panabuka mkangano wa nsomba. Sitima za dziko lina lalikulu, loyandikana ndi Vailemo, zinkakokolola nsomba m'madzi a kachilumbako. Nkhani itafika pamsonkhano ku Gigiri, boma la Vailemo linalamula kazembe wake kuti avote motsutsana ndi dziko lalikululo. A Tepaia anabwerako tsikulo malaya atanyowa ndi thukuta.

"Ndakweza dzanja, Consolata," anatero akudziponya pampando. "Tsopano tiona."

Anaonadi. Ndege iliyonse yopita ku Vailemo inkayenera kutera kaye m'dziko lalikululo, chifukwa njira ina kunalibe. Dzikolo linaitanitsa kazembe wake amene anali ku Vailemo, n'kulengeza kuti munthu wa ku Vailemo kapena katundu wa boma lake asadutsenso pabwalo lake la ndege mpaka ubale utaunikidwanso.

Chaka chotsatira, nyengo ya mvula, a Tepaia anakomoka ali pamsonkhano. Mipando ya m'mbali mwawo inali yopanda anthu, choncho panapita nthawi anthu akuyesa kuti mkuluyo akuwodzera. Consolata atafika kuchipatala anawapeza ali pamakina, pakamwa patapotoka. Anawagwira dzanja n'kuwaitana, koma sanaphethire n'komwe. Anamwalira sabata yomweyo, masana mvula ikugwa.

Consolata anaimba foni ku Vailemo. Unduna wonse woona za maubale ndi mayiko ena unali ndi anthu ochepa kwambiri, moti amene anayankha anali nduna yeniyeniyo. Consolata anaiuza za imfayo. Kenaka inanena zimene Consolata ankaziopa: thupi silingadutse, ndipo Lenah naye sangatuluke.

"Yesani kukawapempha komweko, mayi," inatero ndunayo. "Ife foni zathu sakuyankha."

M'mawa mwake Consolata anavala suti yake yakuda n'kukwera takisi kupita ku ofesi ya kazembe wa dziko lalikulu lija. Anamusecha, anamusungira foni, anamukhazika pabenchi mpaka njala inamupweteka. Potsiriza panatuluka mkulu wina dzina lake Griffin, yemwe Consolata anamuzindikira: anakwerapo masitepe a ku Madaraka atanyamula dengu.

"Pole sana, pepani kwambiri, mayi Kamwendo," anatero Griffin. "Anali munthu wabwino kwambiri. Tonse tinkawakonda."

"Ndiye aloleni adutse, bwana. Sadzatsika m'ndege. Ali m'bokosi."

"Ndikumvetsa. Koma bokosi la kazembe ndi katundu wa boma lake. Lamulolo silinachokere muofesi muno."

"Nanga mwana wawo? Angobwera kudzaona nkhope ya bambo ake basi."

Griffin anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pamagalasiwo.

"Mwezi uno kuli chisankho ku Gigiri, ndipo ife taimika munthu wathu. Vailemo atati aonetse mtima wa chibale, ndikhulupirira kuti akuluakulu kwathu akhoza kufewa."

Consolata anafuna kunena zambiri, koma anangoti zikomo n'kutuluka. Panjira anadzida yekha, chifukwa mumtima anali atayamba kale kulakalaka kuti boma la Vailemo livomere. Nsomba iye sankazidziwa. Ankadziwa mkulu amene anali mufiriji kuchipatala, ali yekhayekha.

Atafotokozera nduna, inaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mayi, ngakhale titafuna kugonja, akakweze dzanjalo ndani? Inu si nzika yathu. Wina woti titumize sangadutse. Munthu yekhayo amene akanavota ndi amene tikumulirayu."

Madzulo a tsikulo Lenah anaimba. Consolata anali asanalankhulepo naye kupitirira moni, koma anamva ngati akulankhula ndi mng'ono wake. Mawu ankafika mochedwa, ngati akuchokera pansi pa chitsime.

"Musawasunge m'madzi oundana miyezi ndi miyezi," anatero Lenah. "Ankadana ndi kuzizira. Aikeni komweko. Ndingopempha chimodzi. Kwathu kuno munthu sitimuika tisanamusambitse ndi madzi a m'nyanja. Kaya kumeneko n'zotheka?"

"Nyanja ili kutali, ku Mombasa," anayankha Consolata. "Koma madziwo apezeka, achemwali. Musadandaule."

Nicholas ankadziwana ndi Mmalawi wina, Wanangwa, amene ankayendetsa lole ya kampani ina ya ku Industrial Area. Anamupeza pafoni ali kudoko la Mombasa akudikira katundu. Wanangwa sanafunse zambiri. Anafika pakhomo ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chotsukidwa bwino, chodzaza madzi amchere, mchenga uli pansi.

"Akazembe ake ndi a dziko liti?" anafunsa akuchitsitsa.

"Vailemo."

"Sindinalimvepo. Koma maliro ndi liti? Ndibwera."

Uthenga unayenda pakati pa Amalawi a mu Nairobi monga umayendera uthenga wa maliro. Ambiri sankawadziwa a Tepaia. Ankangodziwa kuti bwana wa mayi Kamwendo amwalira ndipo alibe mbale. Anabwera a Katolika ndi a mipingo ina, azimayi atavala zitenje pamwamba pa zovala za kuofesi. Nicholas ndi amuna anzake awiri ndi amene anasambitsa thupi. Atatuluka m'chipindamo, Nicholas anakaima payekha kuseri kwa galimoto, ndipo Consolata anamusiya.

Anakawaika kumanda a ku Langata, m'dothi lofiira loterera ndi mvula. Bokosi analikuta ndi mbendera ya muofesi ija. Boma la Kenya linatumiza nthumwi yokhala ndi nkhata ya maluwa, ndipo akazembe awiri a tizilumba tina anaima chakumbuyo pansi pa ambulera imodzi. Dziko lalikulu lija linatumiza nkhata yoposa zonse kukula, koma munthu sanabwere. Consolata anaiyang'ana, n'kuuza dalaivala amene anaibweretsa kuti aitsamiritse pamtengo.

Nyimbo ya fuko la Vailemo panalibe woidziwa. Azimayi anayambitsa nyimbo za maliro za kwathu, ndipo Consolata anaimba foni kwa Lenah n'kuikweza m'mwamba kuti amve. Mkono unatopa, anasintha dzanja. Bokosi likutsika, anaika foniyo pakhutu kuti amuuze kuti bambo ake akulowa m'manda tsopano. Munali zii. Foni inali itaduka, ndipo sanadziwe kuti inaduka nthawi yanji. Apo m'pamene analira, kulira kwenikweni kogwira pamimba, mpaka mayi Margaret a kutchalitchi anamugwira kuti asagwere m'matope.

Patapita milungu ingapo, boma la Vailemo linatseka ofesiyo. Consolata analongedza mabuku, masuti ndi ndodo ya a Tepaia m'makatoni, koma makatoniwo nawo sakanadutsa, choncho anakawaunjika m'chipinda cha ana ake. Chisankho cha ku Gigiri chinachitika, munthu wa dziko lalikulu lija anapambana popanda vuto. Nicholas anati pampando wa Vailemo panangokhala chikwangwani cha dzina, ndipo poitana mayina, woitanayo anadikira pang'ono n'kupitirira.

Consolata anapeza ntchito ina kuofesi ya parishi. Loweruka lina lililonse akapeza mpata ankakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita ku Langata kukazula udzu. Mayiko awiri aja anagwirizananso mu 2007, nduna zawo zinagwirana chanza, ndege zinayambanso kunyamula anthu a ku Vailemo. Makatoni anapita. Lenah anati abwera chaka chomwecho, koma anali woyembekezera. Chaka chinacho mwana anadwaladwala. Zofukula mafupa anazikana yekha, anati bambo ake avutika mokwanira.

Kumapeto kwa 2009 ntchito ya Nicholas inatha, ndipo banja linayamba kukonzeka kubwerera ku Lilongwe. Consolata anatenga mayi Margaret kupita nawo kumanda kuti akawaonetse malo. Manda anali atachuluka, moti anawalangiza kuti azilowera pamtengo wa mthethe n'kukhotera kumanzere. Anazula udzu limodzi, n'kutsuka mwala.

"Ine mwina nditsala zaka ziwiri kuno," anatero mayi Margaret akupukuta manja pachitenje. "Ndikamadzachoka ndidzasiyira ndani?"

"Mudzaone amene adzakhalepo," anayankha Consolata.

Ali pasiteji kudikira matatu, anaimbira Lenah kumuuza kuti akuchoka, ndi kumupatsa nambala ya mayi Margaret. Lenah anathokoza, n'kufunsa ngati ku Malawi n'kutali ndi ku Nairobi. Consolata anati n'kutali ndithu. Kumbali inayo kunkamveka mwana akulira. Kenaka matatu inafika, kondakitala akumenya chitseko, ndipo Consolata anatsanzika n'kukwera.